Luzi la a Muhiwa pa Michesi

A Muhiwa tinawaika m'manda chilimwe chapitachi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine ndinali mmodzi wa onyamula bokosi. Amayi a kutchalitchi anaimba mpaka mawu kusasa. Kenako mkulu wina wolankhula m'malo mwa mudzi anaimirira n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo phiri la Michesi latsala lopanda womasulira. Anthu anavomera ndi mitu. Ine mtima unanditsina monga wakhala ukunditsinira zaka zonsezi, pakuti munthu anali m'bokosi koma ine ndinali kumuchitirabe nsanje. Ndanena poyera kuti ofuna kundiseka ayambiretu.

Ine ndi iwo tinali ocheka matabwa, tonse akamwini m'mudzi umodzi m'tsinde mwa phiri, iwo aakulu kwa ine ndi zaka pafupifupi makumi awiri. Amene sanaionepo ntchitoyi adziwe kuti sowo imakokedwa ndi anthu awiri. Chipika chimagonekedwa pa thandala pamwamba pa dzenje, wina amaima pachipikapo n'kumatsata mzere, wina amalowa m'dzenje n'kumakoka. Wapamwamba amaona thambo, kamphepo kamamuomba, ndipo thabwa likatuluka lowongoka dzina lotchuka ndi lake. Wapansi amadya utuchi. Ine ndinadya utuchi zaka makumi awiri ndi zitatu, m'maso, m'makutu ndi m'kamwa, moti mpaka lero ndikatsokomola ndimamva fungo la mkungudza.

Kamodzi kokha anandilola kukwera pamwamba, nditawavutitsa sabata yathunthu. Thabwa linatuluka lokhota ngati uta. Sanandikalipire. Analisenza okha mpaka kunyumba, n'kulikhomera miyendo kuti likhale benchi ya pakhonde. Mlendo aliyense akakhalapo n'kuyamba kupendekeka, a Muhiwa ankamuuza mofatsa kuti asadabwe, imeneyo ndi ntchito ya manja a Waisoni. Waisoniyo ndine. Choncho amene akuti malemuwa anali munthu wosadziwa kubaya mnzake ndi mawu, sanakhalepo pa benchi imeneyo.

Anali aafupi, a mapewa otambalala, osakonda kuyankhula pamene fodya ali pamphuno. Poyenda m'phiri ankatafuna makaka ouma a chinangwa, ndipo akakugawira ankayamba akuyang'ana mano ngati ungakwanitse. Chichewa chawo chinali chaulemu, koma akapsa mtima chinkathawa, n'kutsala Chilomwe chokhachokha. Nyengo ya dzinja ankakwera phiri opanda nsapato, ati nsapato imagonthetsa phazi. Ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi mkono wawo wamanzere unkakhala wofiira mpaka m'chigongono, moti malemu akazi awo anachita kutopa kuwatumiza kokasamba asanadye.

Chomwe chinkafiiritsa mkonowo ndi ichi. Mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, tikamakwera ankapatuka panjira, n'kukumba kadzenje pamalo otsetsereka ndi chikwanje, n'kupisamo mkono mpaka zala zikhudze mwala. Ankatseka maso n'kukhala duu, ife tikudikira ndi katundu pamutu. Ankati dothi la paphiri silinamere pamenepo, linangoyalidwa pa thanthwe monga bulangete pa mphasa. Pamwamba pali lakuda la masamba ovunda, pansi pake pali katondo, ndipo pansi penipeni pali mwala wofumbutuka umene umanyenyeka m'manja. Madzi akamathera m'dothi lakuda, pita ukagwire ntchito. Akalowa m'katondo, yenda uli tcheru. Koma ukamva madzi akuyenda pakati pa dothi ndi thanthwe, akukuzizira m'nsonga za zala, ndiye kuti bulangete layandama, bwerera kwanu ukasosole chimanga.

Mvula ya mabingu sankaiopa. Ankati imeneyo imangosambitsa phiri kumaso n'kupita. Yoopsa ndi mvumbi wa masiku atatu, umene umamwetsa phiri pang'onopang'ono mpaka likhute, ndiyeno pamwamba pake pagwe chimvula. Ankayang'ananso kasupe wotumphuka pamalo pomwe dzulo panali pouma, ndi mitengo yomwe yayamba kupendekeka ngati anthu ochokera ku mowa. Koma chomwe ankachidalira kwambiri chinali luzi. Pamutu pa khwawa lomwe tinkatsikira ndi matabwa panali mng'alu m'nthaka, wautali ndithu koma wongolowa chikhatho. Anakhoma zikhomo ziwiri, china kumtunda kwa mng'aluwo, china kumunsi, n'kuzilumikiza ndi luzi lolendewera pang'ono. Luzi likakungika, ndiye kuti phiri lasuntha. Likaduka, tsiku limenelo palibe wokwera.

Kwathu kuno anthu amati napolo ndi chinjoka chimene chimasamuka m'phiri kupita kunyanja ya Chilwa, chikukokolola miyala, mitengo ndi nyumba. Aphunzitsi a kusukulu amati ndi dothi chabe lokhuta madzi. A Muhiwa sankalowerera mkangano umenewu. Ankati kaya ndi njoka, kaya ndi dothi, wopezeka panjira pake sabwera kudzatiuza. Chomwe ankatsutsa ndi mwambi uja woti chakudza sichiimba ng'oma. Ankati napolo amaimba ng'oma masiku atatu athunthu, kungoti anthu amakhala ali kalikiliki ndi zawo.

Kale anthu ankawatenga ngati mlesi wofuna chifukwa chojombera ntchito. Zinasintha ndi napolo wamkulu uja amene anasesa Phalombe chipani chikadali chimodzi. Sindikamba za tsikulo, pakuti aliyense kuno ali ndi wake amene sanapezeke. Ndingonena kuti kutatsala masiku awiri, a Muhiwa anasamutsira akazi awo, ana ndi mbuzi kwa achibale pachitunda, kenako anayenda khomo ndi khomo m'mbali mwa mtsinje kuuza anthu kuti achoke. Ena anamva, ambiri anaseka. Ine ndinali m'gulu la oseka, koma mkazi wanga, make Joyisi, anabereka mwana kumbuyo n'kuwatsatira osandifunsa. Ndinamulondola ndikunyinyirika, ndipo n'chifukwa chake ndili moyo. Munthu wabwino akanathokoza ndi mtima wonse. Ine ndinathokoza pakamwa, koma mumtima ndinasunga kuti mkazi wanga anamvera mwamuna wina ine ndili pomwepo.

Zipani zitachuluka, kunachulukanso magalimoto a mabungwe. Kunabwera anthu a mapepala m'manja kudzakhazikitsa komiti yoona za ngozi za m'phiri, ndipo mlangizi wa zankhalango, bambo wina wa ku Ntcheu, ankabwera ndi kope kudzalemba zonena za a Muhiwa. Anawapatsa chikhothi cha mvula chachikasu, jombo, wezulo ndi njinga. Ine amene ndinanyamulira alendowo zikwama mpaka pamutu pa khwawa, anandipatsa banzi ndi zikomo. Jombozo sanavalepo, moti m'jombo imodzi nkhuku inaikiramo mazira. Wezulo anaipachika pamsomali. Njinga sankatha kupalasa, ankangoikankha pamanja popita kumsika, koma kubwereka munthu ayi. Chikhothi chokha ndicho ankachivala ngakhale kutchalitchi, kunja kuli ngwee, ndipo chinkaoneka munthu akadali tsidya lina la mtsinje. Sindibisa, chikhothi chimenecho ndinkachilota.

Chinkandiwawa kwambiri ndi choti iwo sankalakwa ngakhale alakwe. Dzinja lililonse ankatibweza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, napolo osabwera, ndipo anthu ankati Mulungu watichitira chifundo, a Muhiwa ali maso. Ine ndikanena kuti lero kugwa mvula, mvula osagwa, ankati Waisoni ndi wabodza. Ndinawafunsapo tsiku lina ngati sachita manyazi kutayitsa anthu tsiku la ntchito pachabe. Anandiyankha kuti kuli bwino kubwerera kakhumi uli wopusa kusiyana ndi kupitirira kamodzi uli wochenjera. Anayankha akununkhiza fodya, osandiyang'ana.

Tinakanganaponso kwambiri chifukwa cha chimtengo cha mkungudza chomwe chinali pafupi ndi mng'alu uja. Chinali chowongoka, chachikulu, ndipo chiphaso chodulira tinali nacho. Iwo anakana kwamtuwagalu, ati mizu yake ndiyo yagwira bulangete pamenepo. Ine ndinawauza kuti ngati akonda mitengo asiye sowo akalembedwe ulonda wa nkhalango. Anandiyankha m'Chilomwe zomwe sindingalembe. Tinacheka sabata yathunthu osalankhulana, iwo pamwamba, ine m'dzenje, pakuti sowo sifuna mawu. Mtengowo sunadulidwe.

Pamaliro paja wolankhula uja anati pa moyo wawo wonse a Muhiwa analakwitsa phiri kamodzi kokha. Anthu anavomera, chifukwa onse akulikumbukira tsikulo. Ine ndekha ndimadziwa chomwe chinachitika.

Chinali chaka chachitatu kapena chachinayi chivotereni pa zipani zambiri, mwezi wa Febuluwale. Tinali ndi mulu wa matabwa kumtunda komwe tinkachekera, ndipo lole ya kalipentala wa kuboma inali yoti ibwera Loweruka. Mvumbi unali utagwa masiku atatu, koma Lachisanu kunacha kutayera pang'ono. Amayi asanu ndi awiri amene ankatinyamulira matabwa, make Joyisi ali pomwepo, anasonkhana pakhomo pa a Muhiwa ndi nkhata zawo m'manja. A Muhiwa anali pakhonde, bondo litatupa chifukwa anagwa sabata imeneyo.

Ine ndinayang'ana kumwamba n'kunena mokweza kuti phiri lili bwino, tiyeni tizipita. Palibe anasuntha. Make Joyisi, osanditembenukira n'komwe, anati, "A Muhiwa, nanga inu mukuti bwanji?"

Amayi ena anaseka chapansipansi. Kusekako ndinakumva mpaka m'mafupa.

"Ine mtima wanga ukukayika," anatero a Muhiwa. "Koma bondo langali silindifikitsa msanga. Waisoni, thamanga ukaone luzi. Lero maso ako akhale anga."

Ndinakwera ndekha. Udzu unali wonyowa, nkhungu ikungoyamba kunyamuka. Nditafika pamutu pa khwawa ndinapeza luzi litaduka, nsonga zake zili pansi m'matope. Mng'alu umene kale unkalowa chikhatho tsopano unkalowa phazi. Ndinadziuza kuti mwina ndi anyani, mwina ndi makoswe, mwina luzi langovunda ndi mvula. Ndinadzikumbutsa masiku onse amene anatibweza osachitika kanthu. Koma zonsezo zinali zongovalira. Chomwe ndinkaona m'maso mwanga sichinali mng'alu ayi, inali nkhope ya mkazi wanga pomva kuti mwamuna wake walakwanso ndipo kukayika kwa a Muhiwa kunali koona. Ndinasenda luzi lina pamtengo, ndinalimanga bwinobwino lolendewera, n'kutsika.

"Lili bwanji?" anafunsa.

"Lili momwe munalisiyira, akulu."

Anandiyang'ana kanthawi. "Chabwino. Kwerani, koma musakakhalitse kumeneko. Ine nditsatira pang'onopang'ono."

Tinakwera, tinasenza, n'kuyamba kutsika cha kumasana. Pamenepo kumwamba kunada, ndipo chinagwa chimvula chomwe chinkapweteka pamsana. Njira yathu inkalowa m'khwawa n'kutsata kamtsinje mpaka pamalo owolokera. Ine ndinali patsogolo ndi matabwa awiri, amayi m'mbuyo mwanga aliyense ndi lake pamutu. Titayandikira powolokera ndinaona chikhothi chachikasu chija. A Muhiwa anali atafika pamenepo ndi ndodo yawo, atanjuta m'mbali mwa madzi, akuyang'anitsitsa. M'mawa powoloka madziwo ankatifika m'mawondo. Tsopano, mvula ikukhuthuka chomwecho, ankangofika mu akakolo, ndipo anali ofiira.

"Mvula yonseyi, madzi achepa bwanji?" anatero, akundiyang'ana ine. "Kumtundaku kuli chomwe chawatseka. Chikatseguka tili panjira pake."

Kenako anaimirira n'kulankhula kwa amayi aja, osakuwa ayi. "Tayani matabwa. Musatsike, musabwerere. Kwerani cham'mbali, uku."

Mayi wina, make Fulora, anazengereza, pakuti thabwa limenelo linali thukuta la tsiku lonse. A Muhiwa analikankha ndi ndodo, linagwa, ndipo apa m'pamene Chichewa chinathawa. Tonse tinayamba kukwawa pamtunda wa khwawalo, tikugwira udzu ndi mizu. Ine ndinali woyamba kufika pamwamba. Nditacheuka ndinaona make Joyisi ataterereka, akubwerera pansi chamimba, ndipo amene anamuika phewa kumapazi n'kumukankhira m'mwamba anali a Muhiwa, ndi bondo lawo lotupalo. Ine ndinangotambasula dzanja atafika kale.

Chinayamba ndi fungo la dothi lokumbidwa kumene, monga la kumanda adzukulu akamaliza ntchito. Kenako nthaka inanjenjemera pansi pa mawondo athu, ndipo kunamveka mkokomo womwe sindinaumvenso kwina kulikonse. Chinadutsa pansi pathu chofiira, chokhuthala, chitanyamula mitengo yathunthu ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe, miyalayo ikuombana. Sichinatenge nthawi. Chitapita, pomwe tinaima paja panalibe njira, panalibe powolokera, panalibe thabwa ndi limodzi lomwe. Make Fulora, amene anali womalizira kukwera, mwala wodumpha unamuthyola mkono. Mkonowo unapola wopindika, ndipo sanasenzenso thabwa kapena mtolo wa nkhuni mpaka lero.

Kumudzi tinakapeza anthu atasonkhana, minda itatu ya kumunsi itakwiririka. Mwamuna wa make Fulora anaima pamaso pa a Muhiwa atapsa mtima.

"Inu a komiti, inu a chikhothi, munawalola bwanji kukwera? Si inu mumati mumalidziwa phiri?"

Ine ndinali pomwepo, matope mpaka m'tsitsi. Ndinadikira kuti atchule dzina langa.

"Ndalakwa ndine, bambo," anatero a Muhiwa. "Lero ndaliwerenga molakwika."

Pamenepo ndinaona chomwe ndinkachilakalaka zaka zonse. Anthu anang'ung'udza, ena anapukusa mitu, wina anati ukalamba wayamba. Mlangizi wa ku Ntcheu uja atamva anasiya kubwera ndi kope lake miyezi ingapo. Ndinkaganiza kuti tsiku lotere lidzandikomera. Koma madzulo amenewo chakudya ndinachisiya m'mbale.

Patapita sabata ziwiri tinayambanso kucheka, mbali ina ya phiri. Tili pakati pa chipika, sowo inaima.

"Waisoni."

"Ine, akulu."

"Luzi lija unalipeza loduka."

Sanafunse, anangonena. Ndinayang'ana m'mwamba, utuchi ukundigwera m'maso, ndipo ndinathokoza utuchiwo chifukwa unandipatsa chifukwa chopukutira nkhope.

"Linali loduka."

"Ndinadziwa pamene unkandiyankha ukuyang'ana chikhothi m'malo moyang'ana ine. Koma ndinati mwina ndikumuganizira zoipa mnzanga. Pamenepo ndiye ndinalakwa, choncho kumudzi kuja sindinaname." Anabwezera maso pamzere. "Koka sowo."

Nkhaniyo inathera pomwepo. Sanauze akazi awo, sanauze ana awo, ndipo anapita nayo kumanda. Make Fulora amandipatsabe moni ndi dzanja lamanzere tikakumana kuchigayo. Make Joyisi adzamva tsiku limene wina adzamuwerengere zimenezi. Mungaganize kuti nsanje inathera m'dzenje muja, koma m'mene inakulira ndi momwemo. Kale ndinkawachitira nsanje chifukwa cha chikhothi ndi njinga, zinthu zoti munthu angathe kugula. Tsopano anali atandiposa pa chinthu chomwe sindikanachipeza kumsika uliwonse, ndipo ndinkayenera kuwayang'ana m'mwamba tsiku ndi tsiku ndikudziwa zimenezo.

Dzinja lotsatira, tikukwera mvumbi utagwa, anakumba kadzenje kawo n'kundiitana. "Bwera upise mkono, Waisoni. Zimenezi sizimveka pakamwa, zimamveka m'zala. Ine sindikhala mpaka kalekale." Ndinati ndili ndi bala pachikhatho. Chaka chinacho anandiitananso, ndinati tichedwa kuntchito. Chachitatu ndinawayankha kuti zimenezo n'za anthu a komiti, ife a m'dzenje sitizitha. Anapukuta mkono pa udzu, n'kunyamula chikwanje chawo. Sanandiitanenso. Kunena zoona ndinkafuna kudziwa, ndinkafunitsitsa, koma kugwada pambali pawo ngati wophunzira, nditachita zomwe ndinachitazo, khosi langa linakana.

Mikungudza itayamba kutha ndi ziphaso kuvuta, tinapachika sowo. A Muhiwa miyendo inawatha, kenako maso. Ana awo onse anali ku Limbe, ndipo palibe mwa iwo amene anakwerapo phiri kupitirira pokatola nkhuni. Komabe m'mawa uliwonse wa mvula anthu ankafika pakhomo pawo, ndipo iwo ankawafunsa mtundu wa madzi a mumtsinje, kumene nkhungu yagona, ndi masiku amene mvumbi wagwa, n'kuwauza chochita. Ndinakawaona kutatsala sabata kuti amwalire. Anali pamphasa panja, akuothera dzuwa, atachepa ngati mwana.

"Ndi Waisoni ameneyu," anatero asanamve mawu anga. "Amayenda ngati wina wamulanda kanthu. Kodi ukadali nayo?"

"Chiyani, akulu?"

"Nsanje."

"Ikadalipo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Zikomo. Ndiye kuti ndikadali munthu."

Lero ndi tsiku lachitatu la mvumbi, woyamba chimwalirire a Muhiwa. M'mawa miyendo inanditengera kubwinja lawo ndisanaganize. Ndinapezako amayi asanu ndi nkhwangwa zawo, nawonso atangofika mwa chizolowezi, ataima mumvula osadziwa choti achite. Mmodzi mwa iwo anali Joyisi, mwana wanga, amene tsopano ali ndi ana ake atatu. Nkhuni zinawathera dzana, ndipo ana sangadye ufa wouma.

"Ababa," anatero Joyisi, "inu munayenda nawo zaka zonse zija. Tikwere?"

Onse asanu anandiyang'ana. Ndinawauza kuti adikire. Ndinabwereka nkhwangwa, ndinapita pamtsetse wa kuseri kwa nyumba, ndinakumba mpaka ndinamva mwala, n'kugwada, n'kupisa mkono. Ndinatseka maso monga ndinkawaonera. Ndinamva kuzizira, ndinamva matope, ndinamva kamuzu kakundibaya. Kaya madzi ankayenda pansipo, kaya anali ongodikha a mvula yogwera m'dzenjemo, zala zanga sizinathe kusiyanitsa. Ndinakhalitsa chogwada kuti mwina chinachake chibwera, koma palibe chinabwera.

"Sindikudziwa, ana inu," ndinawauza. "Sindinaphunzire."

Anayang'anana. Wina anati angotola m'munsimunsi, sapita patali. Anakonza nkhata zawo n'kulowa njira ya kuphiri mondondozana, Joyisi ali wachitatu, ndipo posakhalitsa nkhungu inawabisa.

Ine ndatsala pano. Ana a malemu anabwera mwambo wometa maliro utatha n'kuchotsa malata ndi chitseko, choncho mvula ikugwera m'chipinda, ndipo zidina zayamba kusungunuka kuchokera pamwamba. Bonongwe wamera pomwe panali mafuwa. Nyumba zonse za m'mudzi muno zinayang'ana kumsewu, koma iyi yokha khomo lake linayang'ana kuphiri, ndipo zaka zonse zija ndinkalowa ndi kutuluka osazindikira chifukwa chake. Ukaima pakhomo lopanda chitsekoli umaona makwawa atatu onse, kuyambira pomwe amayambira mpaka pomwe amalowera m'minda. Pakhonde dothi linakumbika pang'ono, pomwe zidendene za a Muhiwa zinkaponda m'mawa uliwonse, ndipo tsopano mwadzaza madzi. Ndaima pambali pake, mkono uli wofiira mpaka m'chigongono, ndikudikira kuti anthu asanu atuluke m'nkhungumo.